Katundu wa Kumsana ndi Mangawa a Mlendo

Pali funso limene makolo athu sanavutike nalo, koma tsopano lafika m'midzi yathu pamodzi ndi zithunzi zimene ana athu atumiza pa foni. Mwana wa pamudzi wapambana mayeso, wapeza malo m'sukulu yaikulu ya kutsidya la nyanja, ndipo abale ace agulitsa ng'ombe ndi matumba a cimanga kuti apite. Citapita caka cimodzi, a kumudzi amva kuti pa nyengo yopuma sukulu mwanayo sanakhale pansi kuwerenga, ngakhale kufuna ganyu sanafune, koma anabereka cikwama cacikulu kumsana nayamba ulendo wa masabata atatu. Ali kuyenda pansi m'mapiri a eni ace, nagona m'nyumba za alendo, popanda womtuma ndiponso popanda mbale wokamuona. Kodi mwana ameneyu wacita bwino, kapena wayamba kutayika? Inu amene mwatsiriza sukulu muyenera kulingalira funsoli, pakuti ena a inu mudzapita, ndipo otsala mudzakhala oweruza a iwo amene apita.

Poyamba timve mau a akulu, cifukwa sadandaula cabe. Kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, munthu sanyamuka ulendo wopanda mutu. Amapita kumaliro, kuukwati, kucipatala, kumsika, kapena ku Mkaika mwezi wa August kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Munthu wongoyenda, amene ukamfunsa kumene apita ayankha kuti angofuna kuona dziko, anthu amamyesa waulesi wothawa khasu, kapena wobisa kanthu kumtima. Ndiponso akulu a dera limeneli adziwa bwino cimene mseu umacita ndi ana a anthu. Mseu wocokera ku Katete umadzera kwao kunka ku Chanida, kumalire a Mozambique, nupitirira ku Tete. M'masiku a msonkho wa atsamunda amuna ambiri a cigawo ca kum'mawa anawoloka Zambezi kunka ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia, ena pansi, ena pa malole aulere amene boma la kumeneko linatumiza kudzatenga anchito. Ambiri anabwera ndi njinga ndi zobvala, koma ena sanabwerenso, ndipo dzina lao likumbukikabe: machona. Tsono mai akamva kuti mwana wace wayamba kukonda njira, mtima wace umathamangira ku dzina limeneli.

Palinso cina cimene cidabwitsa akulu, ndico katunduyo. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 anthu zikwi zambiri a dziko lino ndi a ku Nyasaland anagwidwa kukhala amtengatenga. Munthu mmodzi anali kusenza mtolo wa mapaundi 50 kapena 60, ndiwo makilogalamu ngati 25, kuperekeza asilikali ku nkhondo imene iye sanaipute, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi nthenda. Makolo anatumiza ana kusukulu kuti ana amenewo asadzasenzenso mtolo wa munthu wina. Nanga lero mwana wophunzira koposa onse pamudzi adzisenzetsa yekha katundu, nakwera naye phiri dzuwa liri pamutu, nati ndiko kupuma kwace! Wakumva izi akaseka kapena kukwiya, sitiyenera kumuyesa mbuli.

Mwambo umenewu wa ophunzira unacokera kuti? M'caka ca 1909 mphunzitsi wina wa ku Germany, dzina lace Richard Schirrmann, anali pa ulendo wapansi ndi ana a sukulu yace, ndipo mvula yamkuntho inawapeza kutali ndi kwao. Anagona m'sukulu ya pamudzi wina. Usiku umenewo iye anaganiza kuti kukanakhala bwino pakanakhala nyumba zogonamo acinyamata apaulendo pa mtengo wocepa, zotalikirana mtunda wa tsiku limodzi. M'caka ca 1912 nyumba yoyamba yotere inakhazikitsidwa m'linga lakale la ku Altena, ndipo lero nyumbazi ziri m'maiko ambiri. M'menemo anthu osadziwana agona m'cipinda cimodzi monga anyamata m'gowelo, nadziphikira okha. Njira zina za oyenda pansi nzakale koposa. Ya ku Santiago de Compostela m'dziko la Spain anthu akhala akuiyenda zaka mazana ambiri. Woyambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port, kumalire a France, ayenda makilomita pafupifupi 800, kuposa mtunda wocokera ku Chipata kufika ku Lusaka. Motero mwana wathu akafika ku Europe apeza anzace a m'kalasi akuyesa ulendo wotere gawo la maphunziro a munthu, ndipo amuitana kuti atsagane nao.

Tsono tione cimene ulendowo uphunzitsa, kuti tidziwe ngati uli ndi phindu. Phunziro loyamba licitika munthu asanaturuke pakhomo. Cikwama ciri ndi malire, ndipo msana nawo uli ndi malire ace. Ozolowera kuyenda amalangiza kuti katundu asapitirire gawo limodzi la magawo asanu a kulemera kwa thupi. Ndiko kuti munthu wa makilogalamu 60 asanyamule oposa 12. Wopita ulendo woyamba amayala pabedi zonse zimene ayesa kuti sangakhale popanda izo: nsapato ziwiri, jekete la ku chalichi, mabuku anai, mafuta odzola. Pofika madzulo a tsiku laciwiri, mapewa ali kuwawa ndi matuza ali kuphazi, adziwa kuti zofunikadi ndizo madzi, cofunda, cobvala ca mvula ndi kamba wocepa. Phunziro ili nlofunika kwa wophunzira wocokera ku nyumba yosauka, cifukwa iye ndiye amene maso ace atengeka msanga ndi masitolo a m'mizinda yaikulu. Kwao anasowa zinthu mosafuna, ndipo kusowako kunamcititsa manyazi. Panjira asiya zinthu mwa kufuna kwace, naona kuti ana a anthu olemera ali kucapa malaya amodzi madzulo ali onse monga iye. Apa ndipo pasiyana katundu wa mtengatenga ndi wa mdzukulu wace: woyambayo anasenza za mwini wace kunka kumene sanafune, koma winayu asenza zace zokha, ndipo akacurukitsa adzilanga yekha.

Phunziro laciwiri ndilo kufunsa. Mwana amene wapambana anzace onse kuyambira sukulu ya pamudzi kufikira ku sekondale amazolowera kukhala woyankha. Aphunzitsi amtama, akulu ampatsa makalata kuti awawerengere, ndipo pang'ono pang'ono ayamba kuganiza kuti nzeru zonse ziri m'mutu mwace. Pa mphambano ya m'phiri, kumene foni yaleka kugwira ndipo cinenero ca eni dziko sacidziwa, digiri siimthandiza. Ayenera kuima, kupereka moni, ndi kufunsa mbusa wa nkhosa kapena nkhalamba yokhala pakhomo, anthu amene mwina sanaone m'kati mwa yunivesite, nalandira yankho la manja ndi nkhope. Akulu anati safunsa anadya phula. Wophunzira amene walawapo kukhala mbuli pakati pa alimi a dziko lina sadzafulumira kupeputsa alimi a kwao pamene adzabwera ndi mapepala ace kudzawalangiza za mbeu ndi feteleza.

Sitinena kuti zonse za panjira nzokoma. Mwana wa ku Zambia afunika cilolezo colowera m'maiko ambiri kumene mnzace wa m'kalasi angodutsa osafunsidwa. Pamalire ena amuimika nthawi yaitali cifukwa ca pasipoti yace kapena khungu lace, ndipo m'midzi ina ana amthamangira kudzamuona monga ana a kwathu amathamangira Mzungu. Kwa eni kulibe mkuwe. Koma ngakhale cowawa cimeneci ciri ndi nchito yace, pakuti munthu amene sanakhalepo mlendo sadziwa kulemera kwa moni.

Phunziro lacitatu ndilo lalikulu, ndipo kuti tilione bwino titenge nkhani ya munthu amene ulendo wace sunali wa masewera. Legson Kayira anali mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland, wophunzira pa sukulu ya Livingstonia. Mwezi wa October 1958 ananyamuka kwao pansi, wopanda nsapato, kulinga ku Cairo, ndi mtima wakuti kumeneko akapeze njira yopitira ku America kukaphunzira. Katundu wace anali bulangete, kankhwangwa, kamba wa masiku asanu, Baibulo, ndi buku la John Bunyan lochedwa The Pilgrim's Progress, limenenso likamba za munthu woyenda ndi katundu kumsana. Anafika ku Kampala m'dziko la Uganda mu January 1960, itapita miyezi 15. Kumeneko, m'nyumba yowerengeramo mabuku, anapeza buku la maina a masukulu a ku America, nalembera kalata Skagit Valley College, m'tauni ya Mount Vernon ku Washington. Anamlandira. Anapitirira kufikira ku Khartoum m'dziko la Sudan, ndipo ophunzira a sukuluyo pamodzi ndi anthu a m'tauniyo anasonkha ndalama zolipirira ndege. Anafika ku America mu December 1960. Pambuyo pace anaphunzira pa University of Washington ndi ku Cambridge, ndipo m'caka ca 1965 anaturutsa buku la moyo wace, I Will Try.

Anthu pokamba nkhani imeneyi amatama kulimba mtima kwa mnyamatayo, ndipo ayeneradi kutero. Koma tiwerenge masiku. Kamba anali wa masiku asanu; ulendo unatha zaka ziwiri. Nanga masiku ena onsewo anadya ciani? Anagwira maganyu, inde, koma ganyu apereka ndi munthu. Atadwala panjira anamsamala ndi anthu osamdziwa. Madzi anamwa a pa zitsime zokumba ena, nayenda m'njira zolambula ena, ndipo potsiriza anauluka pa ndalama za anthu amene anali asanaone nkhope yace. Cikwama ca kumsana cimanamiza mwini wace kuti ali wodzidalira, kuti nyumba yace yonse iri pa mapewa ace. Koma cikwama cinyamula za masiku owerengeka okha. Zotsala zonse munthu azilandira m'manja mwa eni dziko. Wophunzira wa lero, ngakhale alipira pogona ndi pokwera, alandirabe zambiri zosalembedwa pa risiti: womlozera njira, womgawira buledi, womnyamula pa galimoto mvula itamgwira, womuuza kuti madzi awa asamwe.

Apa ndipo pali yankho la funso lathu. Ulendo wotere uli wabwino ngati munthu abwerako akudziwa kuti ali ndi mangawa, ndipo uli wacabe ngati abwerako akudzitama kuti anayenda yekha. Mangawa amenewa ali ndi khalidwe lacilendo, pakuti sabwezedwa kwa mwini wace. Nkhalamba ya m'phiri imene inakupatsa madzi sudzaionanso, dzina lace sulidziwa, ndipo iyo siyembekeza kanthu. Makolo athu anadziwa cinsinsi cimeneci pamene anati kupatsa nkuika. Mai wa kwa Mlolo amene anapatsa nsima mlendo wopita ku Tete sanayembekeze kuti mlendoyo adzabweza. Anadziwa kuti mwana wace nayenso tsiku lina adzagogoda pa khomo la eni. Cimene iye anaika m'mimba ya mlendo, mdzukulu wace ali kucitapa lero ku Spain kapena ku India. Ndipo cimene mdzukuluyo watapa ayenera kucibwezera m'nkhokwe yomweyo, ndiko kuti kwa mlendo wina amene adzaima pakhomo pace.

Cifukwa cace wophunzira amene afuna kunyamuka ulendo wace woyamba adziyese ndi mafunso awa. Kodi ndalama zimene nditi ndiyendere nzanga, zimene ndazisunga pa ganyu kapena pa kudzimana, kapena ndizo za ng'ombe imene atate anagulitsa kuti ndilipire sukulu? Ngati ndi za ng'ombe, akhale pansi, phiri silithawa. Kodi mayeso anga ndatsiriza bwino? Pakuti anatumidwa kukaphunzira, ndipo wotumidwa ayamba wapereka uthenga asanapite kukaceza. Kodi ndauza a kumudzi kumene ndipita, ndi tsiku limene ndidzabwera? Kubisa ulendo kwa amai cifukwa cakuti sangamvetse ndiko kuyamba kwa ucona, pakuti munthu sasanduka mchona tsiku limodzi. Amayamba ndi kuleka kufotokoza. Ndipo ali panjira akumbukire kuti pamsasa saipitsa. Kumene apita, mwina ndiye munthu woyamba wa ku Zambia amene anthu a kumeneko amuona. Akasiya mbiri yoipa, citseko cidzatsekedwa kwa mnzace wodza m'mbuyo. Akasiya cipinda cosesa ndi mau aulemu, wabweza kale gawo la mangawa ace.

Nanga mantha a amai aja, akuti njira idzamdya mwana wao? Sitingawatsutse konse. Hastings Kamuzu Banda anacoka ku Kasungu pansi ali mnyamata, nagwira nchito ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, napita ku America mu 1925, naphunzira udokotala. Anabwera kwao mu July 1958, miyezi itatu Kayira asananyamuke, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pa misonkhano yace analankhula Cingerezi, wina namasulira. Kayira mwini wace anakhazikika ku England, nalemba mabuku a nthano za kwao, namwalira ku London mu 2012. Njira imabweza ena mocedwa, ndipo ena siiwabweza. Koma tizindikire kuti cosandutsa munthu mchona si mapazi ace. Alipo ophunzira amene sanaturukepo m'tauni ya sukulu yao, koma anaiwala kwao msanga. Aliponso amene anayendera maiko khumi nabwera kudzaphunzitsa pa sukulu ya pamudzi. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, anthu ace okhala ndi digiri anali ngati 100 okha, ndipo onsewo anaphunzira kunja kapena mwa makalata, pakuti University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Iwo akanapanda kupita, dziko likanasowa oliyendetsa. Akanapanda kubwera, likanasowabe. Kupita ndi kubwera ziri mbali ziwiri za nchito imodzi.

Tsopano mau kwa inu ambiri amene simudzakwera ndege. Musayese kuti nkhani iyi siikukhudzani. Phunziro la katundu wa kumsana silifuna pasipoti ya ku Europe. Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Mlolo angathe kusunga ndalama za mtedza kapena soya, napangana ndi anzace awiri, napita kukaona nyanja ya Malawi, kapena kukwera phiri la Mulanje limene nsonga yace, Sapitwa, iri mamita 3,002, kapena kuona mathithi a Mosi-oa-Tunya amene alendo acokera kutali kudzaona pamene eni dziko ambiri angowaona pa cithunzi. Mapewa adzawawa cimodzimodzi, ndipo kufunsa njira kudzamcepetsa cimodzimodzi. Koposa apo, inu ndinu osunga nkhokwe ija. Mseu wa ku Chanida sunaleke kupitisa alendo: oyendetsa malole a ku Beira, amalonda, odwala ofuna cipatala. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, midzi ya m'malire inalandira othawa nkhondo ambiri, nigawana nao minda ndi zitsime. Mwambo umenewo ndiwo cuma cimene mnzanu wa kunja ali kudyako. Mukaleka kupatsa madzi mlendo pano, mwaboola nkhokwe imene mbale wanu atapamo kutali.

Ndipo mnzanuyo akabwera, musamfunse za mphatso zokha. Mfunseni amene anamlozera njira pamene anasokera, ndi amene anamgoneka usiku umene anasowa malo. Akayankha ndi nkhope yowala, nachula anthuwo mmodzi mmodzi, dziwani kuti ng'ombe ija siinapite cabe, ndipo mudzi wapeza munthu amene adzadzuka usiku kutsegulira mlendo. Akangoonetsa zithunzi za nkhope yace pamwamba pa mapiri, mlezereni mtima, mumpatse mpando, ndipo mlendo woyamba akafika pamudzi mumtume iyeyo kukatunga madzi.